Mpendero wa Chitseko cha Bambo

Kuseri kwa nyumba ina kunali kashedi ka malata anayi, ndipo pansi pake sipankasowa utuchi. Wodutsa m'njira m'mawa ankamva puleni ikuyenda pathabwa, shwee, shwee, kenaka zii, mwini wake akuyang'ana m'mphepete mwa thabwalo ndi diso limodzi. Mwini wakeyo anali kalipentala wa zaka makumi anayi ndi zisanu, wamfupi, wotambalala mapewa, ndipo anthu ankangomutchula kuti Chikhadabo. Dzinali linachokera pa chizolowezi chake. Akamaliza kulumikiza matabwa awiri pangodya ankaitana mwini nyumba n'kumuuza kuti, "Lowetsanipo chikhadabo apa. Chikalowa, ndiphwasula zonse ndiyambirenso." Anthu ankayesa, ena mpaka kuitana akazi awo a zikhadabo zazitali, koma sichinkalowa.

Pa ntchito zonse za matabwa, imene ankaikonda koposa inali yomalizitsa zitseko ndi mazenera m'kati mwa nyumba. Omanga akaimika felemu pakhoma, pakati pa thabwa ndi pulasitala pamatsala mpata wosaoneka bwino, pena waukulu pena waung'ono. Mpata umenewu amauphimba ndi timatabwa topyapyala, tosalala, tozungulira chitseko kapena zenera. Bambo ake a Chikhadabo, amene anamuphunzitsa ntchitoyi, ankatitchula timatabwati kuti mpendero, chifukwa ntchito yake ndi yomwe ija ya mpendero wa nsalu: kubisa podulidwa kuti chovala chioneke chathunthu.

Bambowo anali kalipentala wa masiku akale, munthu wouma pakamwa. Zaka zonse zimene Chikhadabo anagwira ntchito pambali pawo sanamvepo mawu akuti "wakhoza." Akapanga chinthu chokongola kwambiri, mdalayo ankachitembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti, "Sichinaipe kwenikweni," basi n'kubwerera ku ntchito yawo. Chikhadabo anakula, anakwatira, anamanga nyumba yake, anatchuka, koma mumtima mwake munatsala kadzenje kamene kuyamikira kwa anthu ena onse sikunkatha kukwirira.

Tsopano mdalayo anali atakalamba. Maso anachita ng'ala moti ankangoona zideruderu, mawondo nawo ankakana. Chimwalirireni akazi awo ankakhala kwa mwana wawo wamkazi, mlongo wake wa Chikhadabo. Koma mwamuna wa mlongoyo anamusamutsira kutali kuntchito, ku nyumba yokwera masitepe ambiri, ndipo abale atakhala pansi anagwirizana kuti bambo apite kwa mwana wawo wamwamuna.

"Tibwera nawo Loweruka, achimwene," anatero mlongoyo pafoni Lamulungu masana. "Musavutike ndi zambiri. Bola bedi ndi denga losadontha."

"Bedi ndi denga?" Chikhadabo anaseka. "Achemwali, bambo agone m'chipinda chopanda mpendero m'nyumba ya kalipentala? Anthu andiseka mpaka kumanda."

Chipindacho chinali kumapeto kwa kolido, ndipo munkasungidwa makasu, matumba ndi njinga yakufa. Chinali ndi chitseko chimodzi ndi zenera limodzi loyang'ana kum'mawa, ndipo pakhomo pake panali kasitepe kotsikira m'kolido. Zaka khumi ndi ziwiri chimangireni nyumbayo, chipindachi chinali chisanamalizidwe. Mkazi wake wa Chikhadabo ankakonda kunena kuti nyumba ya kalipentala ndiyo imakhala yomalizira kuona msomali.

Matabwa anali nawo kale, ouma bwino, amene anawasunga m'shedi zaka ziwiri. Komabe tsiku lomwelo anawalowetsa m'chipindamo n'kuwasanjika pa timitengo kuti mpweya uzidutsa pakati.

"Mukuwagoneka m'nyumba ngati alendo bwanji?" anafunsa mkazi wake, tsache lili m'manja.

"Ndi alendodi," anayankha. "Thabwa usalipatse ntchito tsiku lomwe lafika. Lisiye ligone, lizolowere mpweya wa m'chipinda, litupe kapena lifote mmene likufunira. Ukalikhoma mothamanga, pakatha miyezi itatu ngodya zimayasama ngati ana a mbalame m'chisa."

Lolemba ndi Lachiwiri anatulutsa katundu ndi kupaka makoma penti. Lachitatu anayamba zenera. Choyamba anaika thabwa la pansi, lija munthu amatsamirapo zigongono, n'kulitulutsa pang'ono kupitirira khoma. Kenaka anatenga pensulo n'kulemba mzere wozungulira felemu yonse, kutalikira m'mphepete ngati timitengo tiwiri ta machesi. Mpendero suyenera kufika m'mphepete mwenimweni mwa felemu, pakuti ukafuna kufananitsa matabwa awiri, diso limaona kulakwa kulikonse. Koma ukasiya kampata kofanana paliponse, diso limakhutira.

Pangodya ndi pamene ankachedwa. Ankadziwa kuti palibe khoma lowongoka ndendende, ngakhale womanga atalumbira bwanji. Choncho sankacheka thabwa lenileni asanayese ndi tizidutswa totsala. Ankatidula mopendama, n'kutigundanitsa pakona pa felemu, n'kuona pamene kuwala kukulowa. Ndiye ankabwerera ku puleni, kumeta kamodzi, kuyesanso, kumetanso, mpaka kuwala kutasowa polowera. Muyeso ankatenga kawiri, sowo n'kuyenda kamodzi. Thabwa lililonse ankalipaka mankhwala kumbuyo, kumene munthu sadzaonako. Msomali asanaukhome ankaugogoda kunsonga ndi hamala kuti ubunthe pang'ono, chifukwa msomali wakuthwa umang'amba thabwa lopyapyala pomwe wobuntha umangoboola. Mitu ya misomaliyo ankaimiza m'kati, n'kutseka timabowo ndi utuchi wosalala wosakaniza ndi guluu. Ndipo pokwecha ndi sandipepa ankatsata mitsempha ya thabwa, osaidutsa chopingasa.

Pofika madzulo zenera linali litavala. Mkazi wake anabwera, anayesa chikhadabo mwadala, n'kuseka. "Mukanandisamala ngati mmene mumasamalira matabwamu, bwenzi ndili mtsikana mpaka lero."

Lachinayi m'mawa anagwada pakhomo kuti alembe mzere pa felemu ya chitseko. Anayamba pamwamba, mbali ya loko, n'kumatsika. Atafika cha m'bondo, nsonga ya pensulo inangoti lowu m'thabwa.

Anapinda chala n'kugogoda. Pamwamba thabwa linayankha ngo, ngo, mawu a mtengo wamoyo. Pansi linati phu, phu, ngati dzungu lowola. Anatenga tchizulo, kachitsulo kake kosemera, n'kutokosa pang'ono. Khungu la thabwalo linali lopyapyala ngati chikamba cha dzira, ndipo m'kati munali dothi lofiira ndi chiswe choyera chikuthawa kuwala. Mbali ya mahinjesi inali yolimba, n'chifukwa chake chitseko chinkatsekeka bwinobwino zaka zonsezo. Koma mwendo wa mbali ya loko unali utadyedwa kuyambira pansi mpaka m'bondo.

Chikhadabo anakhala pansi, tchizulo ili m'manja, ndipo anakumbukira tsiku limene ankaimika felemu imeneyi. Bambo ake analipo, akadali ndi maso awo. Anamuuza kuti miyendo ya felemu aipake mafuta akuda oteteza chiswe, ndipo asaikwirire m'dothi koma aiimike pamwamba pa simenti youma. Iye, pokhala anali atangoyamba kutchuka, anayankha kuti, "Zachikale zimenezo, bambo. Pansi pano tithira simenti mbali zonse, chiswe chilowera pati?" Mdalayo sanatsutse. Anangotola chipewa chawo n'kunena kuti, "Chiswe sichithamanga, mwanawe. Chili ndi nthawi."

"Abambo, mwaona njoka kodi?" Mkazi wake anali ataima m'kolido ndi kapu ya tiyi. Anayang'ana dothi lofiira lija pansi, n'kuika kapuyo pazenera. "Aa! Ndiye muzule felemu yonseyo."

"Kuzula? Ndigumule khoma mbali zonse, ndipange felemu ina, ndiimike, ndidikire simenti iume, kenaka mpendero ndi vanishi. Masiku khumi amenewo. Bambo akubwera mkuja."

"Tiwapatse chipinda chathu masiku khumiwo, ife tigone pabalaza. Sakubwera kudzaona mpendero, akubwera kudzakhala."

"Nanga akandifunsa chifukwa chake ndidzati chiyani?"

"Mudzati chiswe. Chiswe n'chachilendo? Chimadya ngakhale nyumba za mabwana."

Chikhadabo ankangokanda dothi lija ndi tchizulo. Mkaziyo anakhala naye zaka zambiri, ndipo tsiku loimika felemu lija nayenso analipo.

"Si masiku khumi akukuopsaniwo," anatero motsitsa mawu. "Mukuopa kumva kuti 'ndinakuuza.'"

"Amayi, ine ndimalowerera za kukhitchini kwanu?"

"Tsiku limene mudzalowe n'kupeza mphika wobooka uli pamoto, mudzandiuze ndithu. Sindidzakwiya."

Anatuluka, tiyi n'kuzizirira pazenera.

Munthu akafuna kudzinamiza, nzeru sizimusowa. Chikhadabo anakokolola dothi limene tchizulo inkafikira, anathira mankhwala m'bowomo, n'kudziuza kuti chiswe chafa. Anakanda utuchi ndi guluu wambiri, n'kupakira m'phangamo mpaka linadzaza. Kenaka anacheka mpendero wina, wotambalala kuposa wa pazenera ndi zala ziwiri, kuti uphimbe chilonda chonse. Manja ake sanagwirepo ntchito yosamala ngati tsiku limenelo. Ngodya ziwiri za pamwamba anazimeta mpaka mitsempha ya thabwa la m'mbali inkaoneka ngati ikupitirira kukalowa m'thabwa la pamwamba. Lachisanu anapukuta fumbi ndi kansalu konyowa, anapaka vanishi wochepetsedwa mphamvu kuti thabwa limwe, anadikira aume, anakwecha mopepuka, n'kupakanso kachiwiri. M'mawa mwake, dzuwa litawala pazenera, khomo lonse linangoti waliwali ngati lapakidwa uchi.

Loweruka masana galimoto inaima panja. Mlongo wake anatsika koyamba, kenaka anawatsitsa bambo pang'onopang'ono, ndodo ili patsogolo. Atapereka moni ndi kupuma, mdalayo anakweza mphuno.

"Ndikumva vanishi. Wapaka liti?"

"Dzulo, bambo."

"Nditengereni ndikaone."

Kuona kwawo kunali kwa manja. Anayamba pazenera, kusisita thabwa la pansi, kukwera m'mbali, kuima pangodya. Kenaka anapita pachitseko. Anapereka ndodo kwa mpongozi wawo, anatambasula dzanja mpaka pakona ya pamwamba, n'kuyendetsa chikhadabo chawo chokhuthala uku ndi uku kufunafuna polumikizira. Anafufuza nthawi yaitali.

"Pali pati?" anafunsa.

"Pomwe mwagwirapo, bambo."

Mdalayo anasisitanso. Kenaka anatsitsa dzanja, n'kutembenukira kumene kunkachokera mawu a mwana wawo.

"Wakhoza, mwana wanga. Ine ngodya yotere sindinaidulepo."

Mawu amene Chikhadabo anawadikira zaka makumi atatu anafika, ndipo anafika pamaso pa mkazi wake ndi mlongo wake. Mlongoyo anaomba m'manja. "Lero kugwa mvula! Achimwene, lembani tsikuli pakhoma."

Mdalayo analandiranso ndodo yawo, ndipo pofuna kupeza kasitepe kaja, ndodoyo inagunda mpendero cha pansi. Phu. Anaima. Anagundanso mwadala, kenaka anakweza ndodo n'kugunda pamwamba. Ngo. Anapendeketsa mutu.

"Pansipa pakulira bwanji?"

Mkazi wa Chikhadabo anayang'ana mwamuna wake, kenaka anayang'ana pansi.

"Ndi mpata wa pakati pa felemu ndi khoma, bambo. Omanga anasiya waukulu kumunsiko."

"Unagogoda usanaphimbe?"

Limeneli linali lamulo loyamba limene anamuphunzitsa: usanaphimbe, gogoda. Pamenepo chitseko cha choonadi chinali chikadali chotsegula, ndipo mawu awiri okha akanakwana. Koma "wakhoza" uja anali akadali wofunda m'makutu mwake, ndipo sanafune kumubweza tsiku lomwe anamulandira.

"Ndinagogoda, bambo. Ndi yolimba."

Mdalayo anatsitsa ndodo. "Ukatero iwe, ndiye kuti zili choncho. Makutu nawonso akalamba."

Masabata anapita. Bambo anazolowera nyumba, anadziwa kuti kuchokera pabedi kufika pakhomo ndi mapazi asanu ndi limodzi. Chovuta chinali kasitepe kaja. Potsika ankagwira mpendero ndi nsonga za zala, mawondo akunjenjemera. Tsiku lina anati, "Mwanawe, undikhomere chogwirira apa, cha m'chiunomu. Miyendoyi ikundikana, ndiyenera kudalira manja."

Chikhadabo anasema chogwirira cha mtengo wolimba, chozungulira bwino, chokwana m'dzanja la nkhalamba. Anaboola mpendero mbali ya loko, pakuti mbali ina chitseko chikanagunda, n'kuyamba kumanga sikuluu yoyamba. Inadutsa mumpendero bwinobwino, koma itafika mu felemu inangozungulira osagwira kanthu, ngati yalowa m'nthochi yakupsa. Chiswe chija sichinafe. Chinali chitakwera mpaka m'chiuno. Bambo ake anali atakhala pabedi, mapazi asanu ndi limodzi kuchokera pamene anagwada, akumvetsera.

"Yagwira?"

"Ikufuna yaitali, bambo."

Anakatenga masikuluu ataliatali. Anagwira pang'ono, penapake m'katimo pamene panatsala thabwa. Anakoka chogwiriracho ndi zala ziwiri, osati ndi mphamvu zake zonse, chifukwa sankafuna kudziwa. Mumtima anati, mvula ikubwerayi ikangotha ndizula felemu yonseyi, ndidzapeza chonena.

Mdalayo anachikonda chogwiriracho. Mlendo aliyense wobwera kudzawaona ankamuimika pakhomopo. "Gwirani apa. Sisitani apa. Mwapapeza polumikizira? Mwana wanga ameneyo. Ine ndinangomuonetsa njira, koma wandipitirira." Chikhadabo akamva zimenezi ali m'kolido, ankabwerera ku shedi mwakachetechete. Kuyamikira kumene ankakulakalaka kunasanduka munga m'nsapato.

Mvula inayamba. M'mawa wina mkazi wake anabwera ku shedi, anatambasula dzanja patsogolo pake. M'dzanjamo munali timibulu ta dothi lofiira.

"Ndikusesa timeneti tsiku lililonse pansi pa chitseko cha bambo," anatero.

"Ndikonza mvula ikatha. Simenti siuma bwino nyengo ino."

"Chiswecho mwachiuza kuti chidikire?"

"Amayi, ndamva."

"Ine ndine mpongozi, sindingapite kukawauza kuti mwana wanu anakunamizani. Pakamwa pamenepo ndi panu. Koma tsiku lililonse akagwira paja, mtima wanga umaima."

"Ndati ndamva."

Anamvadi, koma kumva kwake kunathera m'makutu. Anakonza matabwa a felemu yatsopano, n'kuwaimika pakona ya shedi, ndipo tsiku lililonse ankawayang'ana n'kunena kuti mawa.

Linali Lachiwiri m'mawa, mvula itagwa masiku atatu osalekeza. Chikhadabo anali m'shedi akunola tchizulo. Anamva mkazi wake akuitana kuti, "Bambo, tiyi wapsa," ndipo anamva mdalayo akuyankha kuti, "Ndikubwera, mayi." Kenaka kunamveka phokoso la thabwa likung'ambika, phwaa, ndi chinthu cholemera chikugwa pa simenti, khu. Mfuu wa mkazi wake unabwera pambuyo.

Chikhadabo anawapeza bambo ake atagona chammbali m'kolido, mwendo umodzi utapindika mosayenera. Sankalira. Dzanja lawo linali litagwirabe chogwirira chija, ndipo ku chogwiriracho kunali mpendero wonse wa mbali ya loko, umene unazuka pamodzi ndi thabwa la pamwamba. Pamene panali mwendo wa felemu panatsala phanga lakuda, dothi likukhuthuka, chiswe chili piringupiringu. Ndipo pansi, pafupi ndi mutu wa bambo ake, Chikhadabo anaona ngodya yake ija. Inali isanayasame ngakhale pang'ono. Chikhadabo cha munthu sichikanalowapo.

Kuchipatala anati fupa la m'chiuno lathyoka, ndipo pa msinkhu wawo silingalumikizane kuti adzayendenso. Anakhalako milungu isanu. Mlongo wa Chikhadabo anabwera, ndipo atamva kuti chinachitika n'chiyani anangoti, "Ngozi siona nkhope, achimwene, chiswe sichioneka." Mkazi wa Chikhadabo anatuluka panja.

Atabwera nawo kunyumba anawagoneka m'chipinda chomwe chija. Khomo linali lopanda chitseko, atangotchinga ndi nsalu. M'mawa mwake Chikhadabo anabwera ndi hamala ndi tchizulo kudzazula zotsalira za felemu. Mdalayo anamvetsera kwa kanthawi ali pabedi.

"Tandipatsa chidutswa cha pansipo."

Anawapatsa. Anachifinya ndi zala, ndipo chinanyenyeka ngati chibuma cha dothi. Koma pakati pake panatsala chinthu cholimba, chobulungira, chosafanana ndi thabwa. Anachisisita, anachinunkhiza, anachikanda ndi chikhadabo.

"Uwu ndi utuchi ndi guluu," anatero pang'onopang'ono. "Chiswe sichikanda guluu."

Chikhadabo anaika hamala pansi. Anagwada pafupi ndi bedi, munthu wa imvi zoyamba, ngati mmene ankagwadira ali mwana.

"Ndinadziwa, bambo. Ndinachipeza Lachinayi musanabwere. Amayi a m'nyumba muno anandiuza kuti ndizule, ndinakana. Ndinaphimba. Munandifunsa, ndinakunamizani. Ndipo tsiku loika chogwirira ndinadziwanso."

Panja madzi ankadontha kuchokera kudenga.

"Khutu langa linandiuza tsiku lomwe lija," anatero mdalayo. "Thabwa lodyedwa ndimalidziwa ngati mawu a amayi ako. Koma ndinati, pakati pa khutu langa ndi mwana wanga, ndikhulupirire chiti? Ndinasankha iwe. Ndipo m'mawa uliwonse ndinkaika thupi langa lonse pa mawu ako aja."

"Mundikhululukire, bambo."

"Kukhululuka ndakhululuka. Koma kukhululuka sikulumikiza fupa, mwanawe, zimenezo uzidziwe." Anapuma, n'kufufuza ndi dzanja mpaka anapeza phewa lake. "Nanenso ndili ndi gawo langa. Ndinakuumira mawu zaka zambiri, mpaka unafika powagula ndi bodza. Ukanandiuza kuti, bambo, felemu ija chiswe chadya, ndikananena kuti ndinakuuza. Inde, ndikananena, ndimadzidziwa. Ukanapsa mtima tsiku limodzi. Kenaka tikanakhala pansi tonse awiri, iwe n'kumacheka, ine n'kumakulongolola, ndipo lero bwenzi ndikuyenda."

Chikhadabo anagumula khoma mbali zonse ziwiri. Anakumba pansi mpaka anapeza njira ya chiswe, anathira mankhwala, n'kuthira simenti yatsopano. Kasitepe kaja anakasandutsa kotsetsereka. Felemu yatsopano anaipanga yotambalala, kuti mpando wa matayala uzidutsa, pakuti tsopano bambo ake ankatuluka m'chipindamo pongokankhidwa. Miyendo yake anaipaka mafuta akuda kawiri, n'kuiimika pamwamba pa simenti youma. Ntchito yonseyo inatenga masiku khumi, monga mmene ananenera poyamba paja.

Asanakhome mpendero anakankha mpando wa bambo ake mpaka pakhomo, n'kuwapatsa ndodo yawo, imene inalibenso ntchito ina. Mdalayo anagogoda pamwamba, pakati, pansi, mbali iyi ndi mbali inayo. Paliponse thabwa linayankha ngo, ngo.

"Phimba," anatero.

Mdalayo anakhala zaka zina ziwiri, ndipo pakhomo latsopanolo anadutsapo kambirimbiri, koma sanadutsepo ndi mapazi awo ngakhale kamodzi. Amene ankawakankha m'mawa uliwonse kupita nawo padzuwa anali mwana wawo, asanapite ku shedi.

Dzina lija linamukhalabe, pakuti dzina silifufutika msanga. Koma anthu anaona kuti anasiya kuitana eni nyumba kuti adzayese chikhadabo pangodya. M'malo mwake ankawaitana mpendero usanakhomedwe, felemu ili maliseche, n'kuwauza kuti, "Gogodani nokha, kuyambira pamwamba mpaka pansi." Ena ankadandaula kuti akuchedwetsa ntchito. Ena, akapezeka ndi felemu yodyedwa, ankamunyengerera kuti angophimba, poti alendo akubwera ndipo palibe amene adzaone. Iye ankangolongedza zida zake m'thumba mwakachetechete, n'kunena kuti akafuna kuzula amuitane.

Ngodya yakale ija sanaitaye. Anaipachika pamsomali m'shedi, pamwamba pa benchi, ikadali yowala, ikadali yogwirana, chogwirira chikulendewera ndi masikuluu ake ataliatali amene sanagwire kanthu. Alendo akaiona ankaiyamikira kuti ndi ntchito yokongola, ndipo ankanena zoona. Iye yekha ndi mkazi wake ndi amene ankadziwa chimene chinali kuseri kwake, ndi chimene akuluakulu ankatanthauza pamene ananena kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.